Phunziro: Za Kuchotsa Mpope Wosadalirika pa Galimoto ya Parishi



Pa msonkhano wa bungwe la parishi yathu, pambuyo pa Pasaka wa 2024, mkulu wina anaimirira nafunsa kuti: "Bambo, nchifukwa ninji mufuna ndalama za mpope watsopano wa galimoto, pamene wakale uja ukali kulira?" Funso limeneli nlabwino ndithu, pakuti ndalama zogulira zipangizo za galimoto ya parishi zichokera m'manja mwa Akristu: m'mtulo, m'masika ndi m'chopereka cha Lamulungu. Tsiku lija ndinayankha mwachidule. Lero ndiyankha mokwanira, poganiza kuti a m'maparishi ena a dayosizi yathu, amene miseu yao iri ngati yathu, adzapezamo phindu.

Mpope umene ndikunena ndi kamakina koyendera magetsi a batire, komangiriridwa pa galimoto, kamene kapopa mpweya m'matayala. Amakaniko amautcha kompuresa.

USIKU UMENE MPOPE UNATIKANA

Mu Febuluwale 2024, mvula iri pakati, mphunzitsi wa mudzi wina wa kunyanja anandiimbira lamya dzuwa litalowa, kuti mkulu wina amene anaphunzitsa katekisimu zaka zambiri ali pafupi kutsirizika, ndipo afuna Masakramenti. Tinanyamuka awiri ndi dalaivala. Ulendo wake uli chotere: makilomita 34 pa mseu wa phula, kenaka makilomita 8 a mchenga ndi dambo limodzi. Titafika pamene phula lithera tinaphwetsako matayala monga mwa masiku onse, tinaoloka bwino, ndipo tinampeza mkuluyo akali kuzindikira anthu. Analapa, ndinamdzoza Mafuta Oyera, nalandira Ukaristia, kamba wa ulendo wake wotsiriza.

Ndikutuluka m'nyumbamo, mai wina anagwada pakhomo ali ndi mwana m'manja. Anali mdzukulu wa mkuluyo, wa zaka 4, thupi liri moto, akukomoka ndi malungo. Tinawakweza mwamsanga, tinaolokanso mchenga uja, ndipo titafika pa phula tinaima kuti tibwezere mpweya m'matayala. Mpope unadzaza tayala limodzi. Pa lachiwiri unayamba kulira mosasa mau, kunamveka fungo la waya wopsa, kenaka unangoti zii. Anyamata a pa golosale ya pafupi anathamangira mpope wa njinga, koma kamwa lake silinagwire valavu ya galimoto, pakuti njinga zathu zambiri za kumudzi ziri ndi valavu ya mtundu wina.

Tinayenda makilomita 34 aja pa matayala ofewa, osapitirira makilomita 20 pa ola. Ulendo wa theka la ola unatitengera ola limodzi ndi mphindi zoposa 40, mai uja akupemphera kolona kumbuyo. Mwa chifundo cha Mulungu ndi khama la anamwino mwanayo anachira. Tayala limodzi la kumbuyo, limene linasenza katundu wambiri, linaonongeka mkati ndipo tinalitaya.

Tsono ndiyenera kuulula ichi pamaso panu: mpopewo unayamba kufooka kuyambira m'nyengo ya Adiventi. Dalaivala anandiuza katatu. Ine ndinayankha mau omwe aja a mkulu wa pa msonkhano: "Ukali kulira." Mlandu wa usiku umenewo suli pa makina iai, uli pa ine.

CHIFUKWA CHAKE TIPHWETSA MATAYALA

Ena adabwa poona dalaivala akutulutsa dala mpweya m'matayala abwinobwino. Taganizani za munsi ndi lichero. Mukaimika munsi pa matope umira, chifukwa kulemera kwake konse kutsamira pa kamalo kakang'ono. Mukaika lichero pomwepo, ngakhale mutathiramo chimanga cholemera ngati munsi uja, silimira, chifukwa kulemerako kwamwazikana.

Mphamvu ya mpweya wa m'tayala tiiyesa ndi geji, ndipo geji iwerenga psi kapena bar. Bar imodzi ilingana ndi psi 14.5. Tiyerekeze galimoto yodzaza anthu ndi katundu, yolemera makilogalamu 2,800: tayala liri lonse lisenza makilogalamu 700. Pa psi 40, malo amene tayala ligunda pansi ali ngati phazi limodzi la munthu wamkulu. Tikachepetsa mpweya kufika pa psi 20, malowo akula kufikira pafupi-fupi mapazi awiri, ndipo kukulako kuli makamaka m'litali. Tayala lolimba likumba mchenga ndi kudziunjikira kachulu patsogolo pake, kamene liyenera kukwera kosalekeza kufikira galimoto ititimira. Tayala lofewa liyenda pamwamba. Pa miyala, tayala lofewa pang'ono likumbatira mwala m'malo modumpha, ndipo odwala amene tawanyamula sagwedezeka kwambiri.

Koma mankhwala omwewa asanduka ululu pa phula. Tayala lofewa lipindika m'mbali pa kuzungulira kuli konse, ndipo kupindikako kubala kutentha, monga waya atentha m'manja mukampinda uku ndi uku kawiri-kawiri. Mukathamanga, nsalu ndi mawaya a mkati mwa tayala zilekana ndi mphira, ndipo tayala lingathe kuphulika mwadzidzidzi. Ndiponso galimoto siimvera chiwongolero bwino pokhota. Chotero amene aphwetsa matayala ayenera kukhala ndi njira yotsimikizika yowapoperanso. Wopanda mpope wodalirika ali pakati pa zoipa ziwiri: kutitimira m'mchenga ndi matayala olimba, kapena kukwawa pa phula ndi matayala ofewa.

M'MENE MPOPE UGWIRIRA NCHITO

Amene anaona wosula akubvukuta moto adziwa kale nzeru ya mpope. Mvukuto ukoka mpweya pa khomo lina ndi kuukankhira pa khomo lina. Mpope wa galimoto uchita zomwezo, koma msanga kwambiri. Mkati mwake muli mota imene izungulira ndi magetsi a batire. Mota ikankha pisitoni, chitsulo chonga chikho, imene ikwera ndi kutsika m'silinda. Pamwamba pa silinda pali timalilime tiwiri ta chitsulo chopyapyala. Pisitoni ikamatsika, kalilime koyamba katseguka ndipo mpweya wa kunja ulowa kudzera pa sefa. Ikamakwera, koyambako katseka, kachiwiri katseguka, ndipo mpweya wopanikizika upita m'paipi kunka ku tayala. M'mphepete mwa pisitoni muli mphete yosalala yoletsa mpweya kuthawira m'mbali.

M'chaka cha 1662 katswiri wina wa ku Ireland, Robert Boyle, anaonetsa kuti mukapanikiza mpweya m'malo ochepa ndi theka, mphamvu yake yokankha ikula kawiri, malinga kutentha kwake kusasinthe. Lamulo limeneli ndilo litithandiza kuwerengera nchito ya mpope, monga tidzaona. Tayala lopopa nalo silakale kwambiri: John Boyd Dunlop anapanga lake mu 1888 mu mzinda wa Belfast, pofuna kuti kanjinga ka mwana wake kayende mofewa.

Pali chinthu china choyenera kuchigwiritsa: mpweya ukapanikizika utentha. Gwirani kunsi kwa mpope wa njinga mutapopa mwamphamvu, mudzamva. Pa mpope wa galimoto mutu wa silinda utentha kotero kuti ungaotche dzanja. Nchifukwa chake uli ndi timapiko ta chitsulo tomwaza kutentha, ndipo mipope yabwino iri ndi kachipangizo kozimitsa mota yokha ikatentha mopitirira.

ADANI ANAI A MPOPE

Mdani woyamba ndiye kutentha kumene tanenaku. Kufewetsa mphete ya pisitoni, kusungunula mapulasitiki, ndi kuotcha mawaya a mkati mwa mota.

Wachiwiri ndiye fumbi. Mpope umeza malita mazana a mpweya pa ulendo uli wonse, ndipo sefa ikang'ambika kapena ikagwa, fumbi la m'chilimwe lilowa nkumapala silinda ndi mphete ngati mchenga wotsukira mapoto. Pamenepo mpope ulirabe mokweza monga kale, koma mpweya wambiri uthawira m'mbali mwa pisitoni. Kulira kwa mpope si umboni wa moyo wake.

Wachitatu ndiwo madzi ndi matope, amene achititsa dzimbiri timalilime tija ndi malo olumikizira mawaya, makamaka ngati mpope unamangidwa pansi pamene madzi a m'madambo afika.

Wachinai ndiye njala ya magetsi, ndipo ameneyu ambiri samdziwa. Mpope wamphamvu ukoka magetsi okwana ma amp 30, 40 kapena kuposa. Malo oyatsira ndudu a m'galimoto anapangidwira ma amp 10 kapena 15 okha. Ndiponso waya wopyapyala adya magetsi panjira. Tiwerengere: ngati ma amp 40 ayenda mamita 10, kupita ndi kubwerera, m'waya wa kopa wa 2.5 mm², magetsi okwana ma volt 2.8 atayika m'wayamo nasanduka kutentha. M'waya wa 10 mm² atayika ma volt 0.7 okha. Mota yolandira magetsi osakwanira izungulira mwaulesi, itenga nthawi yaitali pa tayala liri lonse, ndipo itentha. Titatsegula mpope wathu wakale tinapeza adani atatu pamodzi: sefa inagwa kalekale, mphete inatha, ndipo amene anaumanga anagwiritsa waya woyenera nyale.

YAMBANI MWAFUFUZA

Musathamangire kugula. Ndalama za Mpingo nzopatulika, ndipo kawiri-kawiri mpope unenedwa wakufa pamene chafa ndi kanthu kotsika mtengo. Ngati sulira konse, onani fyuzi, onani swichi ndi relay, onani ngati waya wopita ku chitsulo cha galimoto wagwira pa malo oyera opanda dzimbiri kapena penti. Ngati ulira koma supopa, tsukani kapena sinthani sefa, ndipo pakani madzi a sopo pa paipi ndi polumikizira ponse: pamene patuluka thobvu ndi pamene mpweya ukuthawira. Mipope ina iri ndi zipangizo zosinthira, monga mphete ndi timalilime, ndipo makaniko waluso angathe kuiukitsa.

Koma ngati mota inunkha kupsa, ngati silinda iri ndi mikwingwirima mkati, kapena ngati mpopewo unali waung'ono kuyambira pachiyambi, wopangidwira kagalimoto ka m'tauni, uchotseni. Kuukonza ndi kuthira madzi m'dengu.

KUSANKHA WATSOPANO

Apa ndi pamene ambiri anyengedwa, pakuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Pa bokosi la kampope kotsika mtengo alemba ndi malembo akulu kuti psi 250 kapena 300. Chiwerengero chimenechi chiribe phindu kwa ife, pakuti matayala athu safuna ngakhale gawo limodzi la magawo anai a mphamvu imeneyo. Funsani zinthu zinai izi.

Choyamba: upereka mpweya wochuluka bwanji pa mphindi imodzi? Ichi alemba m'malita pa mphindi, kapena ndi malembo akuti CFM, ndipo CFM imodzi ndi malita 28 ndi pang'ono. Samalani, pakuti ogulitsa akonda kulemba chiwerengero cha mpope ukupopera pa mtetete. Chofunika ndi chimene upereka pamene ukukankhana ndi tayala la psi 30, ndipo chimenechi nchochepa nthawi zonse.

Tiwerengere limodzi. Tayala la galimoto zathu, monga la 235/85 R16, liri ndi malo a mpweya okwana malita 60 kapena pafupi. Kulikweza kuchokera pa psi 20 kufika pa psi 40 ndiko kuonjezera bar 1.4, ndipo mwa lamulo la Boyle lija kufuna malita 84 a mpweya wa kunja. Matayala 4 afuna malita 336. Mpope wopereka malita 15 pa mphindi udzatha mphindi 22 ndi kuposa. Wopereka malita 50 udzatsiriza mphindi 7 zisanakwane.

Chachiwiri: ungathe kugwira nchito nthawi yaitali bwanji usanafune kupuma? Ichi alemba ngati gawo la pa 100. Akalemba 33%, ndiye kuti pa mphindi 10 za nchito ufuna mphindi 20 zopuma. Akalemba 100%, ungathe kupitirira osaima pa mphamvu imene atchula. Tsono onani tsoka la kampope ka malita 15 kaja: ngati kaloledwa mphindi 10 zokha, kapereka malita 150, osakwana ngakhale matayala awiri. Mwini wake, pokhala pa changu, sakapumitsa, ndipo kapsa. Kumbukiraninso kuti m'kutentha kwa Okotobala kunyanja kapena ku chigwa cha Shire mpope utopa msanga kuposa m'mene alembera.

Chachitatu: ufuna magetsi otani? Galimoto zambiri ziri ndi magetsi a ma volt 12, koma malole ndi ma Land Cruiser ena akale a dizilo ali ndi a ma volt 24. Tsimikizani musanalipire.

Chachinai: kodi zipangizo zake zosinthira zipezeka m'dziko muno? Kodi mutu wake ndi polumikizira paipi nzachitsulo kapena nzapulasitiki? Kodi uli ndi chozimitsa chija cha pa kutentha? Funsani madalaivala a ambulansi ndi ena oyenda m'miseu yoipa tsiku ndi tsiku, pakuti safunsa anadya phula.

Pali mipope ya m'bokosi, yonyamula m'manja ndi yopanira ku batire, ndipo pali yomangirira pa galimoto. Ya m'bokosi iri ndi ubwino wakuti ingathandize galimoto ziwiri. Koma tonse tidziwa za katundu wa pa parishi: chonyamulika chibwerekedwa, ndipo tsiku lofunika chipezeka chiri kwina. Ife tinasankha womangirira.

KUMANGA MPOPE PA GALIMOTO

Nchito imeneyi ipatsidwe kwa makaniko wodziwa za magetsi a galimoto, koma Bambo Mfumu kapena mkulu wa bungwe aimepo ndi kuona kuti zinthu izi zachitika.

Asanakhudze waya ali yense, amasule waya wa pa mutu wa batire wolembedwa chizindikiro cha kuchotsera. Achotse mpope wakale pamodzi ndi mawaya ake onse. Kulumikiza mpope watsopano ku waya wakale wopyapyala ndi kuupha tsiku lomwe wabadwa.

Malo ake akhale ouma, opita mphepo, otalikirana ndi paipi ya utsi. Pansi pa boneti mpafupi ndi batire, koma mpotentha ndi pafumbi. Ngati aumanga pamenepo, sefa aiike pa kapaipi kofika pa malo oyera ndi okwera. Pansi pa mpando kapena m'mbali mwa malo a katundu mpozizira ndi paukhondo, koma waya atalika, choncho anenepe, ndipo pasakhale matumba kapena nsalu zophimba mpope. Aumange ndi mabauti pa chitsulo cholimba, ndi timphira pansi pake tochepetsa kunjenjemera.

Waya wa magetsi achokere pa batire penipeni, wonenepa monga alamulira opanga mpopewo. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, mtunda wosaposa chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Chifukwa chake nchakuti fyuzi iteteza waya yekhayo wa kutsogolo kwake. Ngati iri kutali, ndipo waya wa pakati pa batire ndi fyuzi aperesedwa nagunda chitsulo, galimoto ingathe kuyaka moto. Pali ponse pamene waya abowola chitsulo pakhale kamphira komteteza. Swichi ya pafupi ndi dalaivala isasenze magetsi onse a mpope: iyo ingolamula relay, ndipo relay ndiyo itsegula njira ya magetsi ochuluka, monga mfumu ituma nyakwawa. Kachigawo koyamba ka paipi, kotuluka pa mutu wa mpope, kakhale kopirira kutentha, ndipo paipi yonse italike kufika pa matayala onse, ngakhale lapadera.

Potsiriza, muuyese musanalipire makaniko. Phwetsani matayala onse 4 kufika pa psi 20, lizani injini, yang'anani wochi, ndipo popani. Gwirani mawaya: ngati atentha, ngochepa. Lembani mphindi zimene mwapeza m'buku la galimoto. Wathu watsopano unatsiriza matayala onse m'mphindi 9, kuwerengera ndi nthawi yosuntha paipi. Chiwerengero chimenechi ndicho mboni yathu: tsiku limene mphindi 9 zidzasanduka 15, tidzadziwa kuti matenda alowa, tisanagonenso panjira.

MALAMULO A PANJIRA

1. Popopa, injini izilira nthawi zonse, kuti mpope ulandire magetsi okwanira ndi kuti batire lisathe. Musalize injini m'nyumba yotseka, pakuti utsi wake upha.

2. Mpweya woyenera pa phula walembedwa pa kachitsulo ka pa khomo la dalaivala kapena m'buku la galimoto. Muuyese m'mawa matayala ali ozizira. Tayala loyenda litentha ndipo geji iwerenga mokwererako. Musatulutse mpweya chifukwa cha chimenecho.

3. Pa mchenga wofewa psi 18 kapena 20 zikwanira galimoto zambiri. Musatsike pansi pa psi 15 popanda chifukwa chachikulu, pakuti tayala lingathe kubvuka pa limu. Galimoto ikalemedwa kwambiri, musaphwetse kwambiri. Matayala okhala ndi chubu afuna kusamala koposa, chifukwa tayala lofewa lingasunthe pa limu ndi kuzula valavu ya chubucho.

4. Ndi matayala ofewa yendani pang'ono-pang'ono, ndipo musakhote mwadzidzidzi. Mukafika pa mseu wolimba popani pomwepo.

5. Galimoto zina zakale ziri ndi malimu okhala ndi mphete yachitsulo yochotseka. Mphete imeneyi ikapanda kukhala bwino ingathe kuuluka popopa ndi kupha munthu. Imani chambali, kutali, ndipo ingitsani ana. Tayala lotere likaphwa kotheratu, lionedwe ndi wodziwa lisanapopedwe.

6. M'galimoto muzikhala geji ya payokha, fyuzi zapadera, zomatira tayala, ndi mpope wopondera ndi phazi wa kamwa logwira valavu ya galimoto. Tikadakhala nao usiku uja, anyamata a pa golosale akadatipulumutsa posinthana.

7. Lizani mpope kamodzi pa mwezi, ngakhale palibe ulendo, ndipo tsukani sefa.

PHUNZIRO LA KWA IFE AKRISTU

Mwina wina ati: kodi nkhani za mawaya ndi matayala zifunanji m'nyuzi ya Mpingo? Tamverani. Ansembe a Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi Ansembe Oyera atakhazikika ku Mua mu 1902, ankayendera midzi wapansi, ndipo pambuyo pake pa njinga. Odwala ambiri anamwalira wansembe akali m'njira. Bvuto limeneli silinali la kuno kokha. Mu 1925 wansembe wina wa ku Germany, Bambo Otto Fuhrmann, anadwala chibayo ndi malungo ku Ovamboland, m'dziko limene lero litchedwa Namibia, ndipo anamwalira atanyamulidwa masiku angapo kunka ku chipatala. Mnzake, Bambo Paul Schulte, amene ankadziwa kuyendetsa ndege, anamva chisoni chachikulu, ndipo mu 1927 anayambitsa bungwe la MIVA, losonkha ndalama zogulira amishoni zoyendera. Land Rover yoyamba inatuluka mu 1948, ndipo galimoto za mtundu umenewo zinafupikitsa maulendo a masiku kukhala a maola. Motero Eklezia anazindikira kalekale kuti galimoto ya mishoni ndi mtumiki wa Masakramenti ndi wa odwala. Kuisamala ndi nchito ya chikondi.

Katekisimu itiphunzitsa kuti munthu achimwa pochita choipa, achimwanso posiya chabwino chimene anayenera kuchita. Tchimo lachiwirili libisala, pakuti tsiku limene tilichita palibe chioneka. Tsiku limene ndinayankha dalaivala kuti "ukali kulira", dzuwa linawala monga mwa masiku onse. Zipatso zake zinadza patapita miyezi iwiri, usiku, pa mwana wosalakwa. Kumbukirani fanizo la anamwali khumi, pa mutu 25 wa Mthenga Wabwino wa Mateyo Woyera. Asanu opusa aja sanaiwale nyale. Pa maso a anthu anali okonzeka mofanana ndi anzao, ndipo kusiyana kwao kunaoneka pakati pa usiku, pa nthawi imene mafuta sagulikanso. Galimoto yathu nayo inali ndi mpope, ndipo ali yense woyang'ana akadati zonse ziri m'malo.

Tsono yense adzifunse: nchiani m'moyo mwanga chimene ndidziwa kuti chafooka, koma ndichileka chifukwa chikali kulira? Kwa wina ndi pemphero la m'banja limene lasanduka mau a pakamwa pokha. Kwa wina ndi ukwati umene anthu a kunja auyesa wabwino. Kwa wina ndi Sakramenti la Kulapa limene walizengereza kuyambira Pasaka wa dzana. Kwa inu aphunzitsi, mwina ndi kalasi la ophunzira za Ubatizo limene likumanabe Loweruka liri lonse, koma mphunzitsi sakonzekeranso. Musadikire usiku.

Ndipo ndipempha akulu a Mpingo kuti mumvere anthu ang'ono-ang'ono amene akhudza zinthu ndi manja ao. Dalaivala anadziwa zoona miyezi iwiri ine ndisanadziwe. Anaiwona nchito yake bwino, ndipo ine, ndi maphunziro anga onse a ku seminale, sindinamve. Ndinampepesa pamaso pa bungwe, ndipo tinagwirizana kuti kuyambira tsopano iye azipereka yekha lipoti la galimoto pa msonkhano uli wonse.

Inu aphunzitsi muli ndi gawo lanu. Poitana wansembe kwa wodwala, nenani m'mene mseu uliri: ngati dambo ladzaza, ngati mlatho wakokoloka, ngati pali njira ina. Nenaninso ngati pali wodwala wofunika kunyamulidwa, kuti tikonze malo. Ndipo itanani msanga, munthu akali kulankhula. Mwana wodwala malungo musamsunge kudikira galimoto ya parishi: pitani naye ku chipatala tsiku lomwe thupi latentha.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO WA APHUNZITSI

1. Chifukwa ninji tiphwetsa matayala pa mchenga, ndipo chifukwa ninji nkoopsa kuthamanga nao pa phula?

2. Tchulani adani anai a mpope. Ndi uti amene tingampewe popanda ndalama?

3. Pogula mpope, ndi ziwerengero ziti zofunika, ndipo nchiti chonyenga?

4. Kodi pa tchalitchi lanu pali katundu wa Mpingo, monga denga, njinga kapena chitsime, amene onse adziwa kuti waonongeka koma palibe anena? Mudzachitapo chiani mwezi uno?

5. Fotokozerani ophunzira anu, ndi zitsanzo za m'mudzi mwanu, tchimo la kusiya chabwino chimene tiyenera kuchita.

Mkulu uja amene ndinamdzoza anamwalira m'mawa mwake, mu mtendere. Mumkumbukire pa Misa. Mdzukulu wake tsopano athamanga ndi anzake pa bwalo la tchalitchi. Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, amene timkumbukira pa 25 Julaye, atipempherere ife tonse oyenda m'miseu ya dayosizi yathu, ndipo Mulungu akudalitseni inu ndi mabanja anu.